Valavu ya mtima yaonongeka: akonze kapena asinthe?

Abale a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka Moatize, uthengawu ndi wa aliyense amene adokotala amuuza kuti valavu ya mitral yafooka. Valavu imeneyi ili kumanzere kwa mtima, imagwira ngati ya njinga ija, magazi adutse koma asabwerere. Kwathu kuno kawirikawiri imaonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zapaubwana zomwe sizinalandire penicillin, ndiye patapita zaka munthu wayamba wefuwefu pokwera kachitunda ndi ndowa ya madzi, miyendo kutupa, usiku kugona mpaka atatsamira mapilo awiri. Kafukufuku wa 2007 ku Maputo anapeza ana asukulu pafupifupi 30 pa 1000 ali ndi vutoli.

Opaleshoni yotere imachitikira ku Maputo, monga ku Instituto do Coração, ndipo njira zilipo ziwiri.

Kukonza ndiye kusoka valavu yanu yomweyo, nthawi zambiri amaikapo karing'i koilimbitsa. Ngati zikutheka iyi ndiyabwino, chifukwa ambiri safunika mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi moyo wonse. Koma valavu ikauma n'kukhuthala kwambiri siikonzeka, komanso yokonzedwayo itha kudzafuna opaleshoni ina.

Kusintha ndi pomwe pafunika kuganiza mofatsa. Valavu yachitsulo imakhalitsa zedi, ena amaimva ikulira ngati wotchi usiku, koma mudzamwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi aja, tsiku lililonse mpaka kalekale ndi kumayezetsa magazi, aja amati INR, pafupipafupi. Mlingo ukachepa magazi amaundana pa valavu, sitiroko imeneyo, ukachuluka mumataya magazi ngakhale m'nkhama potsuka mano. Ndiye dzifunseni chilungamo, kumudzi kwanu kukafika pomwe amayeza INR ndi ndalama zingati za chapa, nanga dzinja mlatho ukasefukira? Muwauze adokotala zimenezi osachita manyazi, amafunika kudziwa asanasankhe.

Atsikana ndi amayi ofuna kubereka chonde mvetsani apa, warfarin amatha kuononga mwana m'mimba makamaka miyezi yoyambirira. Valavu yochokera ku nkhumba kapena ng'ombe siifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha, zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa apo. Nkhaniyi ikambidwe poyera, amuna anu akhalepo.

Mukakhala pa warfarin nkhwani ndi chisoso musasiye, ingodyani mofanana masiku onse, osati sabata ino mulu sabata yamawa ayi. Mankhwala azitsamba ndi mapilisi ogula pamsika osamwa musanafunse.

Ndipo opaleshoni ikatha jakisoni wa benzathine penicillin wa masabata 3 kapena 4 alionse, woteteza kuti matenda oononga valavu aja asabwerenso, amapitirira, mpaka adokotala anene okha kuti basi. Mwana akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.