Mwala Woyera Ukhozanso Kukhala ndi Mtovu

Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti mwala wa mtovu umakhala wotuwa ndi wonyezimira ngati chitsulo, ndipo woyera ulibe mtovu. Si zoona ayi. Amene amatero amangodziwa galena, yemwe ndi mtovu wosakanikirana ndi sulufule.

Pali cotunnite, mwala wosowa kwambiri umene unayamba kudziwika pa phiri lophulika la Vesuvius ku Italy. Umamera m'ming'alu yotulukira mpweya wotentha, timakhiristo tating'ono toyera kapena tachikasu pang'ono. M'kati mwake muli mtovu ndi klorini, zomwe asayansi amalemba kuti PbCl2, n'chifukwa chake amauika m'gulu la miyala lotchedwa halide limodzi ndi mchere wa m'ndiwo, osati m'gulu la sulfide (miyala yokhala ndi sulufule) mmene muli galena. Apa ndiye pali ngozi: kukhala gulu limodzi ndi mchere sikutanthauza kuti ndi wodyeka. Kuulawa ndi lilime n'kudzimwetsa poizoni. Mwala wina wotchedwa cerussite, wopezeka ku Kabwe m'dziko la Zambia, nawonso ndi woyera koma uli ndi mtovu wochuluka.

Mukafuna kutsimikiza, yambani ndi kulemera. Kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse ka mchere kamalemera magalamu pafupifupi 2.2, ka cotunnite 5.8, ka galena 7.5. Kenako kandani mwalawo kuseri kwa thailosi: galena imasiya mzere wotuwa moderako, cotunnite mzere woyera. Izi zimangokupatsani chithunzi, yankho lenileni limachokera ku labotale. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, ndipo chonde musamatumizire anzanu nkhani za miyala musanazifufuze.