Zimene anadula ndi zomwe zimatiliza

Ntchito yanga ndi yolumikiza mafilimu. Ojambula akabwera ndi zithunzi za maola 20, ine ndimakhala pa kompyuta n'kumasankha zotsala ndi zotaya mpaka patsale ola limodzi ndi theka. Anthu akamva zimenezi amakonda kundifunsa chifukwa chimene bambo wa ana ake, imvi zili mbuu, amagwetsera misozi poonera filimu ya kamnyamata kamene kakukula, kukonda mtsikana, kenako n'kumutaya. Yankho langa ndimalitenga ku filimu imodzi ya ku Italy, Cinema Paradiso, imene Giuseppe Tornatore anatulutsa mu 1988.

Filimuyi imayamba ndi uthenga wa maliro. Salvatore, katswiri wopanga mafilimu ku Rome, akufika kunyumba usiku n'kumva kuti mayi ake anaimba foni: Alfredo wamwalira. Patha zaka 30 asanapondeko kwawo ku Sicily. Akugona koma tulo sakutipeza, ndipo ife tikubwerera naye ku ubwana wake, pamene ankatchedwa Totò, mwana wamasiye amene bambo ake anatsalira kunkhondo, wosachoka m'kachipinda ka Alfredo, mkulu woonetsa kanema m'tauni yawo.

Apa pali luso loyamba. Imfa yaikidwa patsogolo. Tikamaona Totò akuseka ndi Alfredo, ife tikudziwa kale zimene mwanayo sakudziwa, kuti nkhalambayi idzapita. Choncho chisangalalo chilichonse chimabwera chitanyamula chisoni chake kumsana. Zili ngati kuyang'ana chithunzi cha ukwati wa makolo ako mmodzi atatisiya: onse akumwetulira, ndipo kumwetulirako ndi kumene kukukubaya. Wolumikiza filimu akasuntha uthenga wa maliro uja n'kuuika kumapeto, imasanduka nkhani ina, yosangalatsa inde, koma yopanda kulemera kuja.

Chachiwiri ndi msinkhu. Akatswiri a maganizo a munthu anapeza kuti achikulire akafunsidwa kukumbukira moyo wawo, zambiri zimachokera pa zaka zapakati pa 10 ndi 30. Ndi nthawi ya zoyamba: chibwenzi choyamba, ulendo woyamba wochoka pakhomo, maliro oyamba amene unawamvetsa. Filimu ya munthu amene akusinkhuka imagogoda pa chitseko chimenechi. Woonera sakulirira Salvatore ndi Elena, mtsikana amene ankamukonda ali mnyamata, ayi. Akulirira wina amene ankamudikira panjira ya kuchigayo, amene dzina lake sanalitchule kwa zaka zambiri.

Kupukwa kotereku kale kunkaonedwa ngati matenda. Mawu akuti nostalgia anawapanga Johannes Hofer, wophunzira za udokotala, mu 1688, pofotokoza za anthu a ku Switzerland, makamaka asilikali, amene ankadwala chifukwa cholakalaka kwawo. Masiku ano ofufuza monga Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a pa yunivesite ya Southampton aonetsa kuti kukumbuka zakale kumathandiza munthu kumva kuti sali yekha. Ine si dokotala, koma ndaona anthu akutuluka m'chipinda choonetsera maso ali psuu, n'kumati filimu yabwino bwanji, tidzaonerenso liti.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ngati wantchito imeneyi ndi nkhani ya lumo.

M'tauni ya Totò, wansembe amaonera filimu iliyonse yekha anthu asanaione. Mwamuna ndi mkazi akangoyamba kupsompsonana, iye amaliza kabelu, Alfredo n'kuika chizindikiro, n'kudula. Anthu amakuwa mokwiya chifukwa nthawi zonse pamene pakoma m'pamene chithunzi chimadumpha. Amene anaonera kanema ku Blantyre m'nthawi ya Kamuzu sangadabwe nazo, poti bungwe lounika mafilimu linkachitanso zomwezo pansi pa lamulo la 1968. Salvatore atabwera kumaliro, mkazi wa Alfredo akumupatsa mpukutu wa filimu umene malemuyo anamusungira. Akukauonera yekha ku Rome. Ndi tizidutswa tonse tija todulidwa, tolumikizidwa pamodzi, kupsompsonana kokhakokha, nyimbo ya Ennio Morricone ndi mwana wake Andrea ikulira pansipansi. Palibe amene akuyankhula. Zimene anamanidwa ali mwana zamubwerera pamene womupatsayo kulibe, ndipo nyumba ya kanema ija yagwetsedwa kuti pakhale poimika magalimoto.

Chodabwitsa n'chakuti filimu yeniyeniyo inakumananso ndi lumo. Itatuluka koyamba inali ya mphindi pafupifupi 155, ndipo anthu a ku Italy sanaithamangire. Inafupikitsidwa kufika pa mphindi pafupifupi 124. Yaifupiyi ndi imene inapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 1989 ndi mphoto ya Oscar mu 1990. Pambuyo pake panatuluka yaitali, ya maola pafupifupi atatu, mmene Salvatore akukumananso ndi Elena onse atakula, n'kumva kuti Alfredo ndiye anachititsa kuti asiyane, pofuna kuti mnyamatayo achoke akatukuke.

Alipo amene amakonda yaitaliyo, ndipo ndimawamvetsa: imamuonetsa Alfredo ngati munthu wa mbali ziwiri, wachikondi komanso wankhanza. Koma ine ndili kumbali ya yaifupi. Mu yaifupi, Elena amangosowa. Makalata sayankhidwa, chifukwa sichidziwika, basi. Umu ndi mmene ambirife tinatayira anthu athu. Palibe anabwera kudzatifotokozera. Banja linasamuka, sukulu inatsekera, adiresi inasintha. Filimu ikasiya mpata wotere, woonera amaikamo nkhope ya wake. Ikafotokoza zonse, mpata uja watsekeka, ndipo nkhaniyo yakhala ya Salvatore yekha.

Ndisabise, mafilimu amtunduwu amanama ndithu. Sicily wa nkhondo itangotha anali wa umphawi wadzaoneni, anthu ankasamuka chifukwa cha njala, koma pa kanema dzuwa lake ndi lagolide ndipo ngakhale wamisala wa pabwalo ndi woseketsa. Ojambula amachita dala: kuwala kofiirira, kamera yoyenda pang'onopang'ono, nyimbo imodzi yobwerezedwa mpaka mtima uizolowere. Opanga ena aulesi amangotenga zida zimenezi popanda nkhani, n'kumayembekeza kuti vayolini awagwirira ntchito. Zoterozo ndimazizindikira mphindi 10 zisanathe. Tornatore anapulumuka chifukwa anaika chenjezo m'kamwa mwa Alfredo yemweyo, amene akuuza mnyamatayo pasiteshoni ya sitima kuti apite, asadzabwerere, asagonjere mtima wopukwa. Filimu yonse ndi munthu amene anamvera malangizowo kwa zaka 30, n'kupeza kuti sanachire.

Mwezi watha mnyamata wina amene ndikumuphunzitsa ntchito anandibweretsera kafilimu kake ka mphindi 15, ka mtsikana wobwerera kumudzi agogo ake atamwalira. Kumapeto anaikako mphindi zitatu za mtsikanayo akufotokoza mmene akumvera. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, dulani apa, pamene akutsegula chitseko cha khitchini n'kupeza mthiko uli pamalo pake." Anakana kwa masiku awiri. Tsiku lachitatu anadula.