Magazi mumkodzo: musachedwe, musathawe opaleshoni

Khansa ya m'chikhodzodzo kuno imabwera kawirikawiri chifukwa cha likodzo lokhalitsa komanso kusuta fodya. Chizindikiro chake chachikulu ndi magazi mumkodzo, nthawi zambiri popanda ululu. Magaziwo amatha kusiya, n'kubweranso. Akasiya, sikuti mwachira. Ngati munamwa mankhwala a likodzo koma magazi akutulukabe, bwererani kuchipatala akakutumizeni ku chipatala chachikulu monga cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi mphekesera yoti mpeni ukakhudza khansa, imafalikira ndipo munthu amafa msanga. Ena akangomva za opaleshoni amabwerera kumudzi kukayesa zitsamba, n'kudzabweranso patatha miyezi, chotupa chitatseka njira zochokera ku impso. Chimene chimapha ndi kuchedwako.

Chotupa chikakhala chidakali pamwamba, sang'amba pamimba. Dokotala amalowetsa kachipangizo ka kamera kudzera m'njira ya mkodzo muli mtulo kapena atakubayani jekeseni wa pamsana, n'kupala chotupacho, ndipo kachidutswa kamapita kukayezedwa. Mumakhala ndi paipi ya mkodzo masiku ochepa. Chikalowa mumnofu wa chikhodzodzo, pamafunika kuchotsa chikhodzodzo chonse, mkodzo n'kumatulukira pakabowo ka pamimba kulowa m'kathumba. Ndi opaleshoni yaikulu, koma anthu amakhala nako kathumbako n'kumagwira ntchito zawo. Mukachedwa kwambiri, ngakhale imeneyi siithekanso.

Ambiri mumangoti "chabwino adokotala" musanamvetse. Chonde funsani. Chotupa chalowa mpaka pati? Muchotsa chiyani? Zotsatira zituluka liti, ndikazitenge kuti? Matumba ndizikawapeza kuti? Nanga za m'banja zidzatheka? Musachite manyazi ndi funso limeneli, chifukwa kuchotsa chikhodzodzo kumatha kukhudza mphamvu za abambo ndi ziwalo za amayi. Ngati afotokoza m'Chingerezi, pemphani abwereze m'Chichewa. Bwerani ndi wachibale woti akuthandizeni kumva, ndipo musaiwale buku lanu lakuchipatala. Nenani mankhwala onse amene mukumwa, makamaka aspirin ndi zitsamba, poti ena amachititsa kuti magazi asaundane msanga.

Mukatuluka, thamangirani kuchipatala ngati thupi latentha, mkodzo wasiya kutuluka, kapena mukutuluka magazi oundana. Khansa imeneyi imakonda kubwereranso, n'chifukwa chake, ngati chikhodzodzo sichinachotsedwe, amakuunikaninso ndi kamera pakatha miyezi 3. Tsiku limenelo pitani ngakhale mukudzimva bwinobwino.