Kodi chilengedwe chokha chingatiuze chabwino ndi choipa?

Mkango wamphongo ukalanda gulu la mikango yaikazi ku South Luangwa, nthawi zambiri umapha ana amene wawapeza kuti amayi awo afune yamphongo msanga. Zimenezi n'zachilengedwe ndithu. Koma palibe bwalo la mfumu ku Katete kapena ku Chadiza limene lingamasule bambo wopha ana owapeza chifukwa choti mikango nayo imatero.

Apa ndi pamene pagona vuto kwa amene amati zonse zilipo n'zachilengedwe basi, kulibe Mulungu kapena mizimu, ndiye makhalidwe abwino achokere m'chilengedwe momwemo. Mu 1740, katswiri wa nzeru zakuya David Hume wa ku Scotland anaona kuti anthu amayamba ndi kunena mmene zinthu zilili, kenaka mwakachetechete n'kulumphira pa mmene ziyenera kukhalira.

Mungadziyesere nokha. Lembani mfundo iliyonse m'mizere iwiri: "Mtsikana akatha msinkhu angathe kutenga pakati. Choncho ayenera kukwatiwa." Mawu oti "ayenera" mulibe mu mzere woyamba. Ndiye kuti pakati pabisala mzere wina, wakuti chilichonse chimene thupi lingathe n'choyenera kuchita. Ulembeni poyera, muona kuti palibe angauvomereze. Komanso mafupa a m'chiuno a mtsikana wamng'ono amakhala asanakhwime, mwana amatha kukakamira pobadwa, ndipo ena amatsala ndi fistula, chilonda cha m'njira yoberekera chimene chimachititsa kuti mkodzo kapena chimbudzi zizingotuluka zokha. Lamulo la Zambia la 2023 linaletsa ukwati wa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wamwambo.

Sikuti chilengedwe chilibe gawo. Katswiri wa zamoyo Charles Darwin mu 1871 ananena kuti chikumbumtima chinamera kuchokera ku chibadwa cha nyama zokhala m'magulu. Mu 2003, Sarah Brosnan ndi Frans de Waal anaonetsa kuti anyani ena amakana nkhaka akaona mnzawo akulandira mphesa pa ntchito yofanana. Koma chibadwa chomwecho chinatipatsanso nsanje ndi kukondera apachibale. Sayansi imafotokoza kumene zonsezi zinachokera, siisankha choti titsate.

Yankho lamphamvu, m'kuona kwanga, ndi la Philippa Foot wa ku England. Iye anati chabwino kwa munthu ndi chimene mtundu wa anthu umafunikira kuti ukhale bwino: kukhulupirirana, kusunga malonjezo, kulera ana. Akuluakulu athu anazidziwa kale pamene ankati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Komabe umunthu wotere umafuna kuti tivomereze kaye kuti moyo wa mlendo ndi wofunika chimodzimodzi ndi wa m'bale wako, ndipo zimenezo sizipezeka poyeza magazi kapena ubongo.

Opemphera asathamangire kuomba m'manja. Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, anawasiyira funso lawolawo kalekale: kodi chinthu n'chabwino chifukwa Mulungu wachilamula, kapena Mulungu amachilamula chifukwa n'chabwino kale?