Mtima wa ng'ombe, galasi ndi njere za udzu

Ophunzira anga a unamwino ndikawatchulira Leonardo da Vinci, onse amayankhira pamodzi: uja anajambula Mona Lisa. Sakunama. Koma ife ophunzitsa kapangidwe ka thupi la munthu timamudziwira kwina.

Anabadwa pa 15 Epulo 1452 kufupi ndi tauni ya Vinci ku Italy, makolo ake asali pabanja, ndipo zojambula anakaphunzira ku Florence kwa Andrea del Verrocchio. Ojambula a nthawiyo ankafuna kudziwa minofu kuti phewa ndi mkono zioneke zenizeni pachithunzi. Mnzathuyu sanakhutire nazo zapakhungu, anafuna zamkati.

M'nyengo yozizira ya 1507 mpaka 1508, pachipatala cha Santa Maria Nuova ku Florence, anacheza ndi gogo wina amene ankati wapitirira zaka 100 ndipo sakumva kuwawa paliponse, kufooka kokha. Patangopita maola ochepa gogoyo anatsikira kulichete, osabuula n'komwe. Leonardo anatumbula thupilo kuti aone chomwe chabweretsa imfa yofatsa chotere. Anapeza mitsempha ya magazi itakhuthala, njira yamkati itachepa, zosiyana kwambiri ndi za mwana wa zaka ziwiri amene anamuonanso masiku omwewo. Awa ndi matenda amene timalimbana nawo lero m'zipatala, ndipo iye anali m'gulu la oyamba kuwafotokoza.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi china. Pamene magazi amatulukira mumtima kulowa mumtsempha waukulu wotchedwa aorta pali valavu, kachitseko ka timapepe titatu, koletsa magazi kubwerera. Kuseri kwa timapepeto mtsemphawo ndi wofufuma pang'ono. Mtsemphawo ukufufumiranji? Munthu wamoyo sungamusuzumire mumtima. Ndiye m'zolemba zake Leonardo akufotokoza nzeru iyi: thira phula losungunula mumtima wa ng'ombe, likauma upangire chikombole, uumbe chofanana nacho cha galasi, kenako upopemo madzi osakaniza ndi njere za udzu. Njerezo zimaonetsa madzi akuzungulira mofufumamo ngati kamvulumvulu, ndipo kuzungulirako n'kumene kumakankha timapepe tija kuti titsekeke bwino. Mu 1968 Brian Bellhouse wa ku Oxford, atayesa ndi zipangizo zake, anapeza zomwezo. Zaka zoposa 450 zinali zitadutsa.

Tisamukweze mopitirira muyeso. Zoti magazi amazungulira thupi lonse n'kubwerera kumtima sanazitulukire. Zimenezo anadzafotokoza ndi William Harvey mu 1628. Zina zomwe anajambula m'thupi la munthu anachita kubwereka kwa nyama, ndipo zinamusokeretsa.

Chodandaulitsa n'choti ntchito yonseyi sanaisindikize. Ankalemba ndi dzanja lamanzere, kuchokera kumanja kupita kumanzere, moti powerenga umafunika kalilole, ndipo anali munthu woyamba ichi asanamalize icho. Atamwalira pa 2 Meyi 1519 ku Amboise, m'dziko la France, mapepala ake anatsala m'manja mwa wophunzira wake Francesco Melzi. Buku limene linasintha maphunziro a thupi la munthu linatuluka mu 1543, ndipo analemba ndi Andreas Vesalius. Zojambula za Leonardo za thupi zinakathera ku England, kumene zikusungidwa mpaka lero ku Windsor Castle, ndipo zinayamba kusindikizidwa mokwanira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, madokotala atatulukira kale paokha zambiri mwa zimene zinali m'menemo.