Kadzidzi ali paphewa kapena m'chikwama?

Ntchito yanga ndi kuyendetsa masewero a Dungeons & Dragons, ndipo mkangano umene ndaumva kambirimbiri patebulo sukhala wa chinjoka kapena wa kugawana chuma. Umakhala wa kanyama kakang'ono kamene wamatsenga amayenda nako.

Kwa inu amene simunasewerepo, awa ndi masewero a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Wosewera aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthano, wolembedwa papepala. Woyendetsa masewero, amene timamutchula kuti DM, amafotokoza dziko, amasewera mbali ya adani, ndipo amagamula pamene malamulo sakunena kanthu. Madayisi ndi amene amanena ngati lupanga lalasa kapena laphonya.

Tsiku lina mdani anaponya Fireball, matsenga a moto wophulika, pakati pa gulu lonse. Ndinafunsa mtsikana amene ankasewera wamatsenga kuti kadzidzi wake ali kuti. "Ali m'chikwama," anayankha mwachangu. Komatu raundi yapitayo (raundi ndi chigawo cha nkhondo pamene aliyense amachita mbali yake kamodzi) kadzidzi yemweyo anali atauluka kukasokoneza mdani n'kubwerera kudzatera paphewa pake, ndipo palibe amene anamva zoti walowa m'chikwama. Mtsikanayo sanali wachinyengo. Dzanja lake linali litaphimba kachidole ka kadzidzi kamene anakapenta yekha, ngati kuti moto uja unali pathebulo pomwepo. Wolakwa ndinali ine, chifukwa funso lija ndinayenera kulifunsa nkhondo isanayambe.

Kanyama kotereka m'mabuku kamatchedwa familiar. M'malamulo a 2014, amene ambiri timawatchula kuti 5e, kamabwera kudzera m'matsenga a Find Familiar. Wamatsenga amawotcha makala, lubani ndi zitsamba za ndalama zagolide 10 m'mbaula yamkuwa kwa ola lathunthu, ndipo pamatuluka mzimu wovala thupi la nyama imene wasankha, kaya kadzidzi, mphaka, khwangwala, mleme, khoswe, buluzi, chule, kangaude ndi zina. Malinga kali mkati mwa mafiti 100, omwe ndi pafupifupi mamita 30, awiriwa amalankhulana m'maganizo, ndipo mwini wake angathe kuona ndi maso a kanyamako. Pankhondo kamakhala ndi nthawi yakeyake yochita zinthu. Sikaloledwa kumenya, koma zina zonse kamachita.

Apa ndi pamene kadzidzi anatchukira. Pali chochita china chotchedwa Help, pamene umasokoneza mdani amene ali mkati mwa mafiti 5 kuchokera pamene uli, kuti mnzako akamamumenya aponye madayisi awiri a mbali 20 n'kutenga nambala yaikulu. Nthawi zambiri ukamachoka pafupi ndi mdani, iye amaloledwa kukumenya kamodzi usanapite patali, koma kadzidzi ali ndi luso la Flyby limene limamupulumutsa ku zimenezi. Amauluka mafiti 60 pa raundi, ndiye angathe kupita mafiti 30, kukupiza mapiko kumaso kwa mdani, n'kubwerera wosakhudzidwa. Kanyamaka kangathenso kunyamula matsenga ofunika kugwira munthu ndi dzanja, n'kukawafikitsa kutali mwini wake ali chiimire kumbuyo kwa anzake.

Zonsezi zili ndi mtengo wake. Kadzidzi ali ndi pointi imodzi yokha ya moyo, mphaka ziwiri. Fireball imawotcha chilichonse chamoyo chimene chili mkati mwa mafiti 20 kuchokera pamene yaphulikira, ndipo mphamvu yake imawerengedwa ndi madayisi 8 a mbali 6. Ngakhale madayisi onse atagwa pa 1, n'kupezekanso kuti kanyamako kazemba bwino n'kulandira theka lokha, kalandirabe mapointi 4. Palibe kadzidzi amene angapulumuke pamenepo.

Ndiye kukhala paphewa kumatanthauza chiyani? Osewera ambiri amaganiza kuti kanyama kakakwera pathupi pawo kasanduka ngati katundu, chifukwa malamulo a Fireball amati zinthu zovala kapena zonyamula sizipsa. Koma mawu amenewo akunena za zinthu zopanda moyo. Familiar ndi cholengedwa, ndipo kamakhalabe cholengedwa ngakhale katabisala m'kolala ya malaya. Palinso lamulo loti sungamalize kuyenda uli m'malo amene muli kale cholengedwa china. Njira yooneka bwino yodutsira pamenepa ndi malamulo a kukwera nyama, amene amati cholengedwa chololera, chachikulu kukuposa ndi msinkhu umodzi kapena kupitirira, ndiponso cha thupi loyenera, ungachikwere. Kadzidzi ali mumsinkhu wotsikitsitsa wa Tiny, kotero ngakhale anthu aafupi a mtundu wa halfling kapena gnome angamunyamule. M'mawu ena, wamatsenga ndiye hatchi, kadzidzi ndiye wokwera.

Mukangovomera zimenezi, mafunso ambiri amayankhika okha. Kuti akwere paphewa, kadzidzi amataya theka la mtunda umene akanayenda. Mwini wake akamayenda, iye amapita nawo kwaulere. Wamatsenga akakankhidwa mwamphamvu ndi mdani, kadzidzi ayenera kuponya dayisi kuti asagwe. Ndipo pali mzere wina umene anthu amaudumpha powerenga: wokweredwayo akachoka pafupi ndi mdani n'kumupatsa mpata womenya, mdaniyo amasankha yekha kumenya hatchi kapena wokwera. Flyby sithandiza pamenepo, chifukwa kadzidzi sakuuluka.

M'chikwama ndi nkhani ina. Buku la 5e silinena mwachindunji za kanyama kobisidwa m'thumba, koma limati cholengedwa chimene chaphimbidwa chonse sichingalasidwe kapena kulozedwa ndi matsenga. Moto wa Fireball umakhota m'makona, ndiye thumba lotsegula pakamwa ine sindiliwerengera. Chikwama cholimba chomangidwa bwino ndimachivomereza, ndipo kanyama kamene kali m'menemo sindikakhudza. Koma kali mumdima. Sikaona mdani, sikangachite Help, sikangafikitse matsenga kwa wina. Kuti katuluke, mwini wake ayenera kunena pa nthawi yake kuti watsegula chikwama, aliyense akumva. Mu Pathfinder, masewero a kampani ya Paizo, anachita kuika pamndandanda wa katundu wogula kachikwama kapadera konyamuliramo familiar, chifukwa funsoli ndi lakale.

Malo achitatu ndi otetezeka kuposa onse. Wamatsenga angathe kutumiza kanyamako kumalo akeake kunja kwa dziko looneka, n'kudzakaitananso kuti katulukire mkati mwa mafiti 30. Kutumiza kumadya chochita chachikulu cha nthawi yake, kuitananso chimodzimodzi. Raundi imodzi ndi masekondi 6 okha m'nthano, ndipo nkhondo zambiri zimatha maraundi ochepa, kotero kutaya nthawi yako yonse pobisa kadzidzi anzako akumenyedwa n'kowawa. Amene akufuna njira imeneyi aichite asanatsegule chitseko chokayikitsa.

Ena amati bwanji tikuvutika chonchi pomwe kanyamako sikafa zenizeni. N'zoona, mu 5e mapointi ake a moyo akafika pa 0 kamangozimiririka, ndipo kamabwerera matsenga aja akachitidwanso. Kale zinali zolimba. M'malamulo a 3.5 a mu 2003, familiar akafa mwini wake ankataya mapointi 200 a XP (mapointi okwerera levulo) pa levulo iliyonse imene anafika, kapena theka lake dayisi ikamukomera, ndipo ankadikira chaka ndi tsiku limodzi asanapeze wina. N'chifukwa chake osewera a nthawi imeneyo ankasunga tinyama tawo pafupi kwambiri. Malamulowo ankapatsanso kanyamako theka la mapointi a moyo a mwini wake, ndipo kakakhala pofika dzanja kankamuthandiza kukhala tcheru. Lero chilango n'chochepa, komabe ola lathunthu ndi ndalama zagolide 10 si zinthu zopepuka kwa gulu longoyamba kumene, limene lili pakati pa phanga lopanda msika wa lubani. Ndipo kwa wosewera amene anapatsa kanyamako dzina ndi khalidwe, nambala zimenezi sizimutonthoza.

Kwa ma DM anzanga, ndili ndi pempho. Musamasake kanyama kamene sikanalowe m'nkhondo pofuna kungoonetsa mphamvu. Chilombo chanjala chimathamangira munthu amene akuchibaya, sichitaya nthawi ndi buluzi wosuzumira m'thumba. Koma msilikali wanzeru amene kadzidzi wamukupiza kumaso kawiri ali ndi chifukwa chokwanira chodikirira ndi uta wake ulendo wachitatu. Ine ndimanena mokweza kuti msilikaliyo wasiya kuyang'ana anthu, maso ake akutsata mbalame, kuti wosewera asankhe akudziwa. Osewera mtundu wina wa wamatsenga wotchedwa warlock wa Pact of the Chain ali ndi tinyama tolimbirako monga kachiwanda kotchedwa imp, kamene kamatha kusaoneka ndiponso kumenya, koma funso loti kali kuti limawakhudza chimodzimodzi.

Tsiku la Fireball lija ndinamusiya kadzidzi ali moyo, ndipo ndinauza gulu chifukwa chake. Kuyambira pamenepo aliyense amene ali ndi kanyama amalandira kakhadi kolembedwa malo anayi: paphewa, m'chikwama, pabwalo, kobisika. Amaika ndalama yachitsulo pamalo amodzi, ndipo amaisuntha pa nthawi yake yokha. Patapita milungu ingapo moto unabweranso, ndalama ili paphewa. Mtsikana uja anayang'ana khadi, n'kuchotsa yekha kachidole pamapu ine ndisanalankhule. Nkhondo itatha, wosewera rogue (munthu womenya mozemba), amene kadzidziyo anamuthandiza nthawi zambiri, anafufuta ndalama zagolide 10 papepala lake, ndipo gulu linabwerera kutauni kukagula lubani.