Wailesi ndi ya yani? Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chichiri

Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti wailesi sinali yoseweretsa ana. Inali ya bambo. Inkakhala pakampando kakekake itafundidwa kansalu koluka, ndipo mabatire akayamba kufooka tinkawayanika padzuwa kuti mwina atipirireko mpaka nkhani zamadzulo. Nthawi ya mauthenga achisoni ikakwana, pakhomo ponse pankati zii. Mwana akalira ankamutengera kuseri. Pomwepo munthu ankatha kumva kuti malume ake atisiya ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, thupi linyamuka mawa, mwambo wa maliro ukachitikira kumudzi kwa mfumu yakutiyakuti. Foni kunalibe, ndipo kalata inkafika anthu atameta kale.

Koma amene anabweretsa chida chimenechi sankaganiza za maliro athu. Wailesi yomwe makolo athu ankamverapo Chinyanja masiku oyambirirawo inali ku Lusaka. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linaitsegula mu 1941, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, kuti anthu azimva za nkhondoyo kuchokera kukamwa kwa boma, osati kwa amphekesera. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anaumirira kuti wailesiyo ikule ndipo izitumikira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Vuto linali loti omverawo analibe pomvera. Mawailesi a nthawi imeneyo anali okwera mtengo, a m'nyumba za azungu. Franklin anayenda m'makampani kufunafuna woti apange wailesi yotchipa yoyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 inatulutsa kawailesi kobulungira, kopaka utoto wabuluu, kokhala ngati sefuliya yopanda chogwirira. N'chifukwa chake kanatchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire kugula padera. Sizinali ndalama zochepa, koma mphunzitsi, kalaliki kapena munthu wobwera kumigodi ankatha kudzimana n'kugula. Wailesi imodzi ikalowa m'mudzi, mudzi wonse unkamvera.

Atsamunda ankafuna kuti anthu aziphunzitsidwa za ukhondo, za ulimi ndi za kumvera boma. Anthu anamvera zimenezo ndithu, koma chomwe anachikondetsa chinali china: moni ndi nyimbo. Kumbukirani kuti Nyasaland linali dziko la amuna apaulendo. Ena anali ku Copperbelt, ena ku Salisbury ndi Bulawayo, ena anapita ndi Wenela ku Joni, ena anasanduka matchona. Makalata ankasefukira ku Lusaka, mkazi kupereka moni kwa mwamuna wake yemwe sanamuone zaka zitatu, mnyamata kuuza amake kuti ali moyo. Oulutsa mawu ngati Alick Nkhata, yemwenso anali katswiri woimba, anakhala ngati abale a m'nyumba. Omvera anailanda wailesi ija mwakachetechete n'kuisandutsa mthenga wawo.

Chikondicho chinasokonekera pomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba mu 1953. Anthu ankachikana, koma wailesi inkachiyamikira. Ku Lusaka kunabuka mphekesera yoti oulutsa mawu ena ndi opopa magazi, omwe kumeneko ankawatcha banyama. Ena amaiseka nkhaniyi ngati umbuli. Ine ndimaona kuti anthu ankanena zoona m'chiyankhulo chomwe anali nacho: mawu omwe ankawakhulupirira anali atagulitsidwa.

Malawi Broadcasting Corporation (MBC) inakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, likulu lake ku Chichiri mu Blantyre. Kwa zaka 30 zotsatira inalibe mnzake. Wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999, nyuzipepala zinali zochepa ndipo sizinkafika kutali, komanso anthu ambiri sankatha kuwerenga. Chomwe MBC yanena ndicho chinali nkhani. Nkhanizo zinkayamba ndi Ngwazi Kamuzu Banda, mtsogoleri wa dziko. Akapita kukayendera mbewu m'minda, dziko lonse linkayenda nawo pa wailesi, nyimbo za mbumba zili wirikiti. Pa 3 Malichi kunkangomveka nyimbo zachisoni tsiku lonse.

Komabe ndinganame nditati MBC ya nthawiyo inali ya ndale zokhazokha. Tadzuka Sitidziwa Anzathu, Zokonda Amayi, Pamajiga, Kapalepale: mapologalamu amenewa analera mibadwo. Oimba ambiri a m'midzi, a banjo ndi gitala, akanaiwalika pakanapanda matepi a ku Chichiri. Mlimi ankamva za feteleza ndi mitengo ya mbewu pa kawailesi ka Nzeru kopangidwa konkuno, katapachikidwa pa chiwongolero cha njinga.

Bala lalikulu linabwera mu 1968. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka, chomwe chinkamveka pa wailesi mpaka nthawi imeneyo, chinachotsedwa. Kenako kunabwera bungwe la Chichewa Board mu 1972, ndi pologalamu ya Tiphunzire Chichewa yowongola kayankhulidwe ka anthu. Ife oyankhula Chichewa tinapindula, tisabise. Chiyankhulo chathu chinafika ku Chitipa ndi ku Nsanje chifukwa cha wailesi kuposa chifukwa cha sukulu. Koma taganizirani gogo wa ku Rumphi yemwe anatsegula wailesi tsiku lina n'kupeza kuti dziko lake lasiya kumuyankhula. Kuwawa kwa zimenezo sikunathe mpaka lero, ndipo aliyense wofuna kumvetsa madandaulo a anthu a kumpoto ayambire pamenepa.

Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Malichi 1992, anthu anaphunzira luso lina: kusakasaka masiteshoni akunja. BBC ya ku London ndi Channel Africa ya ku Johannesburg, yomwe inkaulutsanso m'Chichewa, zinkamvedwa chitseko chitatsekedwa, mawu atatsitsidwa, khutu lili pa sipika. Riferendamu ya ulamuliro wa zipani zambiri inachitika pa 14 Juni 1993, chisankho pa 17 Meyi 1994. Ndipo panali pa MBC pomwepo, wailesi yomwe inkamutamanda usana ndi usiku, pomwe Kamuzu Banda anavomereza kuti wagonja kwa Bakili Muluzi.

Boma latsopano linabwezera Chitumbuka pa wailesi mu 1994, ndipo patapita zaka zochepa nkhani zinayamba kumveka m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Radio 2 ya MBC inayamba mu 1997. Lamulo la zamtokoma ndi kuulutsa mawu la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA loyang'anira mawailesi, ndipo masiteshoni anayamba kumera ngati bowa: Power 101, Capital FM, Radio Maria ku Mangochi, Radio Islam, kenako Zodiak mu 2005. Kunabweranso mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ya ku Monkey Bay, Mudziwathu ya ku Mchinji, ya ku Nkhotakota ndi ya ku Mzimba, komwe woulutsa mawu amadziwa mudzi womwe ng'ombe yasowa.

Chomwe sichinasinthe ndi khalidwe la olamula pa MBC. Chipani chikakhala kotsutsa chimalira kuti wailesi ya boma ikukondera, n'kulonjeza kuti chikadzalowa chidzaimasula. Chikalowa, chimakhala pampando womwewo n'kugwira maikolofoni yomweyo. Nthawi ya Bingu wa Mutharika kunali Makiyolobasi, pologalamu yonyoza atsogoleri otsutsa, ndipo aphungu otsutsawo, omwe anali ambiri m'nyumba ya malamulo, anabwezera pomana MBC ndalama mu bajeti. Zimandipweteka chifukwa ndalama zoyendetsera wailesiyi ndi msonkho wa tonse, wa amene anavotera boma ndi amene sanalivotere. Pa 20 Julayi 2011, tsiku la zionetsero zomwe zinaphetsa anthu pafupifupi 20, MACRA inaletsa mawailesi omwe si aboma kuulutsa zochitikazo pompopompo. Ngakhale mu ulamuliro wa zipani zambiri, dzanja lotseka pakamwa linali likadalipo.

Omvera nawo sanasiye chizolowezi chawo cholanda wailesi. Nkhani za M'maboma pa Radio 1 ophunzira ena amaziderera kuti n'za ufiti ndi miseche basi. Koma mvetserani bwino. Mumamvamo za mfumu yogulitsa malo a amasiye, bwana womana antchito malipiro, mwamuna wothawa banja. Ndi bwalo la anthu omwe alibe loya. Mapologalamu oimba foni nawonso ndi chimodzimodzi: munthu amathera mayunitsi ake omaliza kuti anene kuti mjigo wa kwawo unawonongeka kalekale, phungu osaoneka.

Mlandu wa chisankho cha Meyi 2019 utalowa m'khoti, mawailesi ankauulutsa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, womasulira akutembenuzira m'Chichewa funso lililonse la maloya. M'maminibasi, m'misika, m'mashopu a atelala, anthu omwe sanapondepo m'khoti ankatsutsana za umboni ndi za tipeksi ngati akadaulo. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Misewu ya m'tauni inali mbee, mashopu ambiri otseka. Kwathu tinakhala pakhonde anthu oposa khumi kuzungulira kawailesi kamodzi kotchajira dzuwa, ndipo azakhali anga, omwe sanapite patali ndi sukulu, ndiwo ankatiletsa kuyankhula kuti amve bwino womasulira. Nsima ya masana tinadya usiku, atamva okha ndi makutu awo kuti chisankho chichitikenso.